Kusamuka kwa Intaneti Kuchoka pa IPv4 Kupita pa IPv6

Chipangizo chilichonse cholumikizidwa ku intaneti chimakhala ndi nambala yake, yotchedwa adiresi ya IP, kuti uthenga uzifika pakhomo loyenera. Dongosolo la ma adiresiwa lotchedwa IPv4 linalembedwa ku America mu 1981, kuchokera pa ntchito ya Vint Cerf ndi Bob Kahn. Pa 1 Januwale 1983, ARPANET, netiweki yomwe inabala intaneti, inasiya njira yakale ya NCP n'kutenga TCP/IP, yomwe IPv4 ndi mbali yake. Zinatheka msanga chifukwa makompyuta ake anali mazana ochepa chabe.

Adiresi ya IPv4 ndi manambala anayi olekanitsidwa ndi timadontho, monga 192.168.1.1 yomwe imalembedwa kunsi kwa marauta ambiri. Onse pamodzi amakwana pafupifupi 4.3 biliyoni. Kalelo ankaoneka osatha, moti yunivesite ya MIT ndi kampani ya Ford analandira opitirira 16 miliyoni aliyense.

Zaka za m'ma 1990 zitangoyamba, akatswiri anaona kuti nkhokwe idzauma. Poyamba anapeza njira yongozengereza vutolo, yotchedwa NAT. Foni, laputopu ndi pulinta za mu ofesi imodzi zimatulukira pa adiresi imodzi, ngati anthu a banja limodzi olandirira makalata pa bokosi limodzi ku positi. Mankhwala enieni anabwera mu Disembala 1995, pomwe Steve Deering ndi Robert Hinden analemba IPv6, ya ma adiresi a mabiti 128 m'malo mwa 32 a IPv4.

Apa ndi pomwe panagona vuto. IPv4 ndi IPv6 sizimvana, choncho kampani yosamuka imayenera kuyendetsa zonse ziwiri nthawi imodzi, kusintha zipangizo ndi kuphunzitsanso antchito. Poti NAT inkagwira bwino ntchito, ambiri anangokhala chete, ndipo kuchedwako n'kumene kunakulitsa mtengo wa ntchitoyi.

Pa 3 Febuluwale 2011, bungwe la IANA, loyang'anira ma adiresi pa dziko lonse, linagawira mabungwe a m'zigawo magulu omaliza a ma adiresi a IPv4. APNIC ya ku Asia ndi Pacific inafika pa gulu lake lotsiriza mu Epulo chaka chomwecho, pomwe AFRINIC, ya ku Mauritius yoyang'anira Africa, inakhalabe nawo kwa zaka zingapo. Pa 6 Juni 2012, Google, Facebook ndi makampani ena anayatsa IPv6 mpaka kalekale. Lero njira ziwirizi zikuyendabe limodzi, ndipo ma adiresi a IPv4, omwe kale ankaperekedwa ulere, amagulitsidwa pa msika.