Chiyambi cha Hip Hop ndi Luso la Ma DJ Oyambirira a ku Bronx

Hip hop ndi mtundu wa nyimbo komanso chikhalidwe cha achinyamata chimene chinayambira m'dera la Bronx, mumzinda wa New York ku America, m'zaka za m'ma 1970. Anthu ambiri akamva dzinali amaganiza za woimba amene amalakatula mawu motsatira kugunda kwa ng'oma. Pachiyambi penipeni, mwini bwalo anali DJ, munthu woika zimbale pa galamafoni. Ma DJ atatu, Kool Herc, Grandmaster Flash ndi Grand Wizzard Theodore, ndiwo anayala maziko a luso limene linasandutsa galamafoni kukhala chipangizo choimbira.

Bronx m'masiku amenewo

Pa nthawiyo kummwera kwa Bronx kunali umphawi wadzaoneni. Msewu waukulu wa Cross Bronx Expressway unadutsa pakati pa malo okhala anthu ndi kusamutsa mabanja ambiri. Ntchito zinasowa, ndipo nyumba zambiri zinkapsa, zina mochita kuotchedwa dala kuti eni ake alandire ndalama za inshuwalansi. Mu 1975 mzinda wa New York unatsala pang'ono kulephera kubweza ngongole zake. Achinyamata akuda ndi a m'mabanja ochokera ku Puerto Rico ndi zilumba zina za Caribbean analibe ndalama zolowera m'malo ovinira a ku Manhattan, choncho ankakonza maphwando awoawo m'maholo, m'mapaki ndi m'misewu.

Kool Herc ndi chigawo cha ng'oma

Clive Campbell, wodziwika kuti DJ Kool Herc, anabadwira ku Kingston m'dziko la Jamaica mu 1955, ndipo anasamukira ku Bronx mu 1967. Kwawo anakula akumva zokuzira mawu zikuluzikulu zimene zinkasonkhanitsa anthu pa magule a panja. Pa 11 Ogasiti 1973 mlongo wake, Cindy Campbell, anakonza phwando m'chipinda chochezera cha nyumba yosanja ya pa 1520 Sedgwick Avenue pofuna kupeza ndalama zogulira zovala za kusukulu. Atsikana ankalipira masenti 25 pakhomo, anyamata masenti 50, ndipo woika nyimbo anali Herc. Tsiku limeneli ndilo ambiri amalitenga ngati tsiku lobadwa la hip hop.

Herc anaona kuti ovina ankadikira chigawo chimodzi cha nyimbo, pamene woimba ndi zipangizo zina zimakhala chete n'kutsala ng'oma. Chigawochi chimatchedwa break, ndipo vuto lake linali lakuti chimatha m'masekondi ochepa. Iye anayamba kupeza zimbale ziwiri za nyimbo imodzi n'kuziika pa magalamafoni awiri. Ng'oma zikamatha pa chimbale choyamba, ankaziyambitsanso pa chachiwiri, n'kumabwereza motero mpaka ovina atakhutira. Njirayi anaitcha Merry-Go-Round. Mwa nyimbo zimene ankakonda kugwiritsa ntchito munali "Apache" ya Incredible Bongo Band ndi "Give It Up or Turnit a Loose" ya James Brown. Ovina pa chigawochi anayamba kutchedwa ma b-boy ndi ma b-girl, ndipo mnzake wa Herc, Coke La Rock, ankalankhula pa maikolofoni kuti atenthetse bwalo. Ntchito ya MC inaphuka kuchokera pamenepa.

Grandmaster Flash ndi kulumikiza kopanda msoko

Njira ya Herc inali ndi chofooka chimodzi. Iye ankatsitsa singano pa chimbale moyerekeza ndi maso, motero kugunda kwa ng'oma kunkaphonyana posintha zimbale. Amene anathetsa vutoli ndi Joseph Saddler, wotchedwa Grandmaster Flash, yemwe anabadwira ku Barbados mu 1958 ndipo anaphunzira za zipangizo za magetsi kusukulu ya Samuel Gompers ku Bronx.

Flash anakonza makina ake osakanizira mawu kuti azitha kumvetsera chimbale chachiwiri m'mahedifoni anthu asanachimve. Ankalemba chizindikiro pa chimbale ndi kuchiwerenga ngati nkhope ya wotchi, kuti adziwe pamene ng'oma zikuyambira. Chimbale chimodzi chikamalira, iye ankabweza chinzake ndi dzanja, kuwerenga kuti chazungulira kangati, ndi kuchimasula pa kugunda koyenera. Pansi pa chimbale ankayalapo kansalu koterera kuti mbale ya galamafoni izizungulirabe ngakhale iye atagwira chimbalecho. Kugwira pamwamba pa chimbale ndi zala kunkaonedwa ngati kuchiwononga, koma Flash anakusandutsa maziko a luso limene analitcha quick mix.

Theodore ndi kukanda chimbale

Theodore Livingston, wotchedwa Grand Wizzard Theodore, anabadwa mu 1963 ndipo anaphunzira zambiri kwa Flash. Malinga ndi mmene iye mwini wakhala akufotokozera, cha m'ma 1975 mayi ake anamudzudzula chifukwa cha phokoso la nyimbo. Powamvetsera anaimitsa chimbale ndi dzanja n'kumachiyendetsa kutsogolo ndi kumbuyo singano ili pomwepo, ndipo phokoso lomwe linamveka linamukopa. Analiyeserera kufikira litayamba kugwirizana ndi ng'oma. Umu ndi mmene scratch inayambira.

Zonsezi zinkafuna galamafoni yolimba. Ya mtundu wa Technics SL-1200, imene inatuluka mu 1972, inali ndi mota yozungulitsa mbale mwachindunji popanda lamba, choncho inkabwerera msanga pa liwiro lake DJ akachotsa dzanja. Mtundu wake wachiwiri wa mu 1979 unakhala chida cha ma DJ padziko lonse.

DJ wina wofunika wa nthawiyo, Afrika Bambaataa, anayambitsa gulu la Zulu Nation, ndipo dzina lake analitenga kwa Bhambatha, mfumu ya Azulu imene inatsogolera kuukira msonkho wa atsamunda ku Natal mu 1906.

Kuchoka pabwalo kulowa m'situdiyo

Kwa zaka zisanu ndi chimodzi hip hop inkafala kudzera m'maphwando ndi m'makaseti. Mu 1979 gulu la Sugarhill Gang linatulutsa "Rapper's Delight", nyimbo imene inadziwitsa dziko lonse za rap. M'nyimboyi munalibe DJ, chifukwa bandi ya m'situdiyo ndiyo inaimba chigawo chotengedwa mu "Good Times" ya gulu la Chic. Kuyambira pamenepo kutchuka ndi ndalama zinayamba kupita kwa ma MC, ndipo Herc sanapindule kwenikweni ndi malonda a zimbale amene anatsatira.

Komabe luso la ma DJ linajambulidwa. Mu 1981 kunatuluka "The Adventures of Grandmaster Flash on the Wheels of Steel", imene Flash anaipanga polumikiza zidutswa za zimbale zosiyanasiyana ndi manja ake. Mu 1983 Herbie Hancock anatulutsa "Rockit", momwe Grand Mixer D.ST anakanda chimbale, ndipo nyimboyi inapambana mphoto ya Grammy mu 1984. M'zaka zomwezo lusoli linafika kummwera kwa Africa. Ku Cape Town, gulu la Prophets of da City, lomwe linayamba mu 1988, linali ndi DJ Ready D pa magalamafoni.

Ulemu kwa oyambitsa unabwera mochedwa. Grandmaster Flash and the Furious Five analowetsedwa mu Rock and Roll Hall of Fame mu 2007, kukhala gulu loyamba la hip hop kulandira ulemuwu. Kool Herc analowetsedwamo mu 2023, patatha zaka 50 chichitikire phwando la pa Sedgwick Avenue.