Amene akhala akusimba za ku Makanga

Furancungo ndi tauni yaing'ono, likulu la boma la Macanga (Makanga) m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Mlendo akafika amaona fodya m'zigafa ndi matumba a chimanga m'mbali mwa msewu, ndipo akatchera khutu pamsika angaganize kuti ali ku Dedza, pakuti Chinyanja chake ndi chomwechi. Malo ang'onoang'ono otere ndiwo abala mabuku otchuka. Gabriel García Márquez anabadwira ku Aracataca mu 1927, ndipo tauni yakwawoyo ndiyo anaiumba n'kukhala Macondo wa m'mabuku ake. Chinua Achebe anakulira ku Ogidi, kumene anamva zambiri zimene zinalowa m'buku lake la mu 1958. Nanga za ku Makanga wakhala akuzisimba ndani?

Oyamba anali agogo a nthano ndi akudambwe. Dziko lino linali la Undi, mfumu ya Achewa imene likulu lake linali ku Mano. Akudambwe sangalole kuti zilombo tizitche ochita zisudzo, ndipo ine sindikutsutsana nawo. Komabe amene waona Simoni wa nkhope yofiira kapena Maliya akulowa m'bwalo amadziwa kuti anthu akuno anayamba kale kumuyang'anitsitsa mlendo, kayendedwe kake ndi kunyada kwake, n'kumuika pabwalo kuti mudzi wonse umuone. Pamene UNESCO inalemekeza Gule Wamkulu mu 2005, inatchula Malawi, Mozambique ndi Zambia pamodzi.

Mlendo amene anasintha dera lino anachokera ku Goa, ku India. Dzina lake anali Gonçalo Caetano Pereira, ndipo anabwera m'zaka za m'ma 1700 kudzafuna golide kumpoto kwa Zambezi. Anthu anamutcha Dombo Dombo. Mwana wake Manuel anayenda ulendo wamalonda mpaka kwa Kazembe mu 1796. Mbumba yawo inakwatirana ndi eni nthaka, inasonkhanitsa asilikali a Achikunda, ndipo pang'onopang'ono inasanduka mafumu a Makanga, ogula minyanga ndi akapolo, oopedwa ndi midzi ya Achewa komanso ndi Apwitikizi a ku Tete omwe. Maina awo anali akuno: Choutama, Chissaka, ndi Chinsinga amene anagonjetsedwa ndi Apwitikizi mu 1902. Taganizani: banja lochokera kutsidya kwa nyanja, m'mibadwo yowerengeka likuthira nsembe kwa mizimu ndi kumenyana ndi mfumu ya ku Lisbon. Wolemba aliyense angasirire nkhani yotere.

Koma amene anayamba kulemba za dera lino anali odutsa. Francisco de Lacerda anapyola dziko la Amaravi mu 1798 n'kukafera kwa Kazembe. António Gamitto anadzera njira yomweyo mu 1831, ndipo buku lake linatuluka mu 1854. Analemba mwakhama za zovala, maliro ndi ufumu, ndipo timathokoza kuti analemba. Chimene chimandiwawa n'chakuti m'masamba otere makolo athu amaoneka ngati mitengo ya m'mbali mwa njira. Amafotokozedwa, koma salankhula.

Mu 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana za malire, ndipo mtundu umodzi unagawika. Cholembera cha Chinyanja chinagwera kwambiri mbali ya Nyasaland, kumene mishoni zinkasindikiza mabuku m'chinenero cha anthu. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Dutch Reformed, anatulutsa Nthondo mu 1933, buku limene linapambana mphoto ndipo linamasuliridwa m'Chingerezi chaka chotsatira. Iye yemweyo analemba Mbiri ya Achewa, mmene muli za Undi ndi za kuno kwenikweni. Pambuyo pake kunabwera John Gwengwe ndi Sikusinja ndi Gwenembe, Jolly Max Ntaba, Willie Zingani. Mbali ya Apwitikizi sukulu inali ya Chipwitikizi. Mwana wa ku Furancungo ankaganiza m'Chinyanja, koma kulemba ankakuphunzira m'chinenero china.

Mu 1968 Malawi inakweza Chichewa kukhala chinenero cha fuko. Chaka chomwecho Frelimo inatsegula nkhondo m'chigawo cha Tete. Mbali ina ana ankatsegula mabuku, mbali ina mabanja ankathawa m'midzi. Ufulu wa Mozambique wa mu 1975 sunakhalitse ndi bata, pakuti nkhondo yapachiweniweni inathamangitsira anthu pafupifupi miliyoni ku Malawi, ndipo ambiri akumadera ano anakhala ku Dedza ndi ku Ntcheu mpaka mgwirizano wa ku Rome wa pa 4 Okutobala 1992.

M'zaka zimenezo wayilesi ndiyo inkalumpha malire popanda chiphaso. Wayilesi ya MBC ya ku Malawi inkamveka kuno, ndipo masewero ake anali m'chinenero cha pakhomo. Izeki ndi Jakobo, amene maina awo enieni anali John Nyanga ndi Eric Mabedi, anaseketsa anthu mbali zonse ziwiri. Nyanga anamwalira mu 2016, Mabedi mu 2021. Du Chisiza Jr, mwini Wakhumbata Ensemble Theatre, anatisiya mu 1999 asanakwanitse zaka 40. Kenaka kunabwera Manganya wa Tikuferanji, Michael Usi, amene mu 2024 anakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko la Malawi.

Alembi a Mozambique nawonso afika pafupi, koma m'Chipwitikizi. João Paulo Borges Coelho anaika buku lake la mu 2003, As Duas Sombras do Rio, ku Zumbo, m'nthawi ya nkhondo. Ungulani Ba Ka Khosa mu Choriro, la mu 2009, analowa m'dziko la Achikunda ndi azungu osanduka mafumu m'chigwa cha Zambezi, dziko lofanana ndi la a Pereira. Ndi mabuku abwino, ndipo ndimalakalaka atamasuliridwa kuti gogo wa ku Makanga awamve mdzukulu akumuwerengera.

Khomo linatseguka pang'ono mu 1993, pamene boma la Mozambique linayesa kuphunzitsa ana m'zinenero ziwiri, Chichangana ku Gaza ndi Chinyanja ku Tete. Ana amene anayamba kalasi yoyamba m'Chinyanja chaka chimenecho tsopano ali ndi ana awoawo akusukulu.