Galimoto ya ku Livingstone ndi Mseu wa ku Lundazi

Kucokera ku Livingstone kufika pa boma la Lundazi pali mamailosi oposa 700. Wapaulendo anyamuka m'mbali mwa Zambezi, napyola Choma ndi Lusaka, natembenukira kum'mawa, naoloka Luangwa pa mlatho waukulu uja, ndipo pofika ku Chipata atsala nao mamailosi ena oposa 100 kulowera kumpoto. Ku nsonga imodzi ya ulendo umenewu Boma la Zambia linatsegula fakitale yolumikiza magalimoto m'caka ca 1972. Ku nsonga inayo kuli midzi ya a Mwase, a Magodi ndi a Zumwanda, kumene ambiri a inu okhala ku Nkana, ku Mufulira ndi ku Luanshya munacokera, kapena makolo anu. Fakitale ija inali kuchedwa cuma ca anthu onse a m'dziko, ndiye kuti mlimi wa ku Lundazi nayenso anali mmodzi wa eni ace. Tiyeni tsono tione m'mene inayambira, anzao amene a Boma anapangana nao, ndi cimene cinaifoketsa.

M'masiku a Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 kufikira 1963, mkuwa unali kukumbidwa kuno kumpoto, koma mafakitale ambiri anali kumangidwa kumwera. Kampani ya BMC inali kulumikiza magalimoto ku Umtali, kumene lero ndi Mutare, ndipo ya Ford inatsegula fakitale yace ku Salisbury mu 1961. Ife tinali ogula cabe. Malasha, mafuta, zobvala, ngakhale sopo, zambiri zinali kulowera pa mlatho wa ku Victoria Falls. Motero pamene Ian Smith anapandukira Britain pa 11 November 1965, caka cimodzi cokha Zambia italandira ufulu, dziko linaona kuti khosi lace lili m'manja mwa mnansi woipa mtima. Petulo anasowa, nayamba kugawidwa pang'onopang'ono, ndipo wina anali kubwera ndi ndege.

Apa ndi pamene anthu a ku Italy anapezera khomo. Sanali alendo kwenikweni, pakuti khoma la Kariba linamangidwa ndi Impresit, kampani ya kwao imene Fiat inali ndi dzanja m'menemo. Mu 1966 maboma a Zambia ndi Tanzania anagwirizana ndi kampani ina ya ku Italy, dzina lace Intersomer, nayambitsa Zambia-Tanzania Road Services. Malole a Fiat mazanamazana anayamba kunyamula mkuwa kumka nao ku doko la Dar es Salaam, pobwera natenga mafuta ndi katundu wina. Mseu wace unali wa fumbi m'cilimwe ndi wa matope m'dzinja, ndipo madalaivala ambiri anatsirizira moyo wao m'maphompho a m'njiramo. Mu 1968 anthu a ku Italy omwewo anatsiriza kuyala paipi ya mafuta yocokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola. Anathandiza pa nthawi imene ena anali kuzengereza, ndipo Boma silinaiwale.

M'caka comweco ca 1968, mwezi wa April, a Kenneth Kaunda analankhula ku Mulungushi kuti Boma lidzatenga magawo 51 pa 100 m'makampani akuluakulu oposa makumi awiri, ndi kuti bungwe la INDECO, limene mtsogoleri wace anali a Andrew Sardanis, ndilo lidzasunga magawowo. Mu August 1969, ku Matero, mau omwewo anafika pa migodi. Maganizo a nthawi imeneyo anali omveka: ndarama za mkuwa zimange mafakitale, mafakitalewo amwazike m'zigawo zonse, kuti mkuwa ukadzatha dziko lidzakhale ndi poimira pena. Mansa inalandira fakitale ya mabatire, Kapiri Mposhi ya mabotolo, Mwinilunga ya zinanazi za m'zitini. Livingstone, mzinda umene unalandidwa ulikulu wa dziko mu 1935 nukhala ngati mkazi wamkulu wosiyidwa, unalandira magalimoto.

Kampaniyo inachedwa Livingstone Motor Assemblers. INDECO inatenga magawo 70 pa 100, otsalawo anali a ku Italy. Poyang'ana pa pepala, mwini nyumba anali Mzambia ndipo Fiat anali mlendo wokhala pa khonde. Koma tiyenera kufunsa cimene aliyense anabwera naco. Boma linabwera ndi malo, ndarama, anchito, ndiponso lamulo locinjiriza fakitale kuti magalimoto akunja asalowe mwaufulu. Fiat inabwera ndi cithunzi ca galimoto, injini, zitsulo za thupi lace zoumba kale, ndi akatswiri odziwa kuziika pamodzi. Zonsezi zinali kufika m'mabokosi akuluakulu a matabwa kucokera ku Italy. Nchito ya ku Livingstone inali kumasula mabokosi, kuwocherera zitsulo, kupaka penti, kukhazika injini ndi mipando, ndi kuyesa galimoto isanaturuke pa cipata. Zopangidwa muno zinali zocepa, monga matayala, amene Dunlop inali kuumba ku Ndola. Bokosi likapanda kufika, mwini wa magawo 70 analibe cocita ndi magawo ace koma kulipira anchito okhala pansi.

Tisanene kuti kugwirizana ndi Fiat kunali kupusa, pakuti maboma akulu kuposa lathu anacita comweco. Fiat, imene inayambika ku Turin mu 1899 ndipo inali m'manja mwa banja la Agnelli, inazolowera kupalana ubwenzi ndi makampani a maboma. Ku Spain, Boma linayambitsa SEAT mu 1950 pamodzi ndi Fiat. Ku Yugoslavia kunali Zastava, ku Poland kunali Polski Fiat. Cacikulu pa zonse cinali pangano la 1966 ndi Soviet Union, limene linabala fakitale ya mu mzinda wa Togliatti, m'mbali mwa mtsinje wa Volga. Galimoto yoyamba inaturuka mu 1970, ndiyo imene maiko ena anaidziwa ndi dzina lakuti Lada. Taonani tsono kusiyana kwace. Anthu a ku Russia sanagule mabokosi. Anagula nzeru yonse ndi makina ace, nasungunula citsulo cao, naumba injini zao. Anatenga Fiat 124, naiyesa pa miseu yao yoipa, ndipo ataona kuti iphwanyika anaikonzanso: citsulo cocindikala, thupi lokwera kucokera pansi, injini yatsopano. Posacedwa anali kuturutsa magalimoto oposa 600,000 pa caka. A ku China anayenda njira yonga yomweyo pambuyo pace: mu 1984 kampani ya Boma ya ku Shanghai inapangana ndi Volkswagen kugawana pakati ndi pakati, poyamba inalumikiza za m'mabokosi monga ife, koma caka ndi caka inakakamiza kuti zitsulo zambiri zipangidwe kwao.

Zambia siikanatha kutero. Pa kalembera wa 1969 tinali anthu 4 miliyoni ndi pang'ono, ndipo okhoza kugula galimoto yatsopano anali owerengeka. Makina oumba thupi la galimoto ndi a mtengo woopsa, sabweza ndarama zace pokhapokha ataumba matupi zikwi zambirimbiri. Fakitale yathu inamangidwa kuti iziturutsa zikwi zocepa cabe pa caka. Cotero tinatenga galimoto monga inaliri, yopangidwira miseu yosalala ya ku Ulaya. Inu akuluakulu mukumbukira kagalimoto kaja ka Fiat 127, kofupika miyendo, ndi 131, ndiponso 132 ya mabwana a m'maofesi. M'miseu ya ku Kitwe zinali kukongola ndithu. Pa mseu wa ku Chama m'mwezi wa February, munthu wanzeru anali kufuna Land Rover kapena lole.

Tsoka lalikulu linadza msanga. Mu January 1973, fakitale isanathe caka cathunthu ca nchito, Smith anatseka malire. Pamene anafuna kuwatsegulanso, a Kaunda anakana, ndipo katundu wa Zambia sanayendenso pa njanji ya kumwera kufikira October 1978. Ganizirani bwino. Livingstone ali pa khomo la kumwera, ndipo ubwino wace wonse wa malonda unali wakuti sitima yocokera ku nyanja iyamba kufika kumeneko. Tsopano mzinda woyamba unasanduka wotsiriza. Mabokosi a ku Italy anayenera kutsikira ku Lobito kapena ku Dar es Salaam, ndi kudutsa dziko lonse asanafike pa Zambezi. Mu 1975 nkhondo ya ku Angola inatseka njanji ya ku Lobito. Inatsala ya TAZARA, imene a ku China anali atangoitsiriza, ndi doko la Dar es Salaam lodzaza katundu wosowa womunyamula.

Inu a ku migodi mudziwa zotsatira kuposa ine. Mafuta anakwera mtengo mu 1973, ndipo mtengo wa mkuwa, umene unafika pamwamba mu 1974, unagwa ndi theka pofika 1975. Pa ndarama khumi zirizonse zakunja zimene dziko linali kupata, zisanu ndi zinai zinali za mkuwa. Bokosi lirilonse la ku Italy linali kulipiridwa ndi ndarama zimenezo, ndiye kuti ndi thukuta la munthu wa pansi pa mgodi, ndi pang'ono la mlimi wa fodya ndi nshawa za Chalimbana zotumizidwa kunja. Ndarama zitacepa, Boma linayenera kusankha pakati pa mankhwala, feteleza, zitsulo za makina a migodi, ndi mabokosi a magalimoto. Sindiganiza kuti alipo mwa inu amene akanaika magalimoto patsogolo. Fakitale inayamba kugwira nchito mwa apo ndi apo, ndipo zaka zina inaturutsa mazana cabe.

M'zaka za m'ma 1980 akulu a kampani anafuna abwenzi atsopano. Pa mzere umene unali wa Fiat yokha panayamba kuyenda Peugeot 504 ya ku France, galimoto yolimba imene Afirika yense anaikonda, ndi Mazda ya ku Japan. Kusankhako kunali kwabwino, koma matenda sanali m'dzina la galimoto: Mfalansa ndi Mjapani nawonso anali kufuna kulipidwa ndi ndarama zakunja. Mu October 1985 Boma linayamba kugulitsa madola kwa wopereka zambiri mlungu ndi mlungu. Dola imene inali makwaca awiri ndi pang'ono inafika makwaca 21 mu April 1987. Galimoto ya ku Livingstone inakwera mtengo pamodzi nayo, pa nthawi imene anthu a ku Copperbelt anali atacita cipolowe mu December 1986 cifukwa ca mtengo wa ufa.

Cilipo cimene fakitale inasiya, ndipo nkosayenera kucibisa. Anyamata amene analowa osadziwa kugwira sipanala anaturuka ali amisiri owocherera, opaka penti ndi okonza injini, ndipo malipiro ao anadyetsa mabanja ambiri a m'makomboni a Maramba ndi Libuyu kwa zaka makumi awiri. Luso lotere silifa pamodzi ndi kampani, limapita m'magalaja.

Nanga mwini uja wa ku Lundazi? Cimene iye anali kufuna ciyambire masiku a machona cinali njinga. Wobwera ku Walale, ku Wankie kapena ku Nchanga anali kudziwika ndi Raleigh kapena Humber yonyezimira, ndipo njingayo inali kunyamula thumba la cimanga, mtolo wa thonje, ndi mai wodwala kumka naye ku cipatala. Kwa ulendo wautali kunali basi ya UBZ, ikabwera. Boma linazindikira zimenezi mocedwa. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980 INDECO inatsegula Luangwa Industries ku Chipata mothandizana ndi kampani ya Atlas ya ku India, niyamba kupanga njinga za Eagle. Nayonso inali kubvutika ndi ndarama zakunja, koma cimene inali kuturutsa cinali cofikirika kwa munthu wogulitsa nshawa zace pa msika, ndipo mmisiri wa pansi pa mtengo wa mango anali kucikonza ndi sipanala imodzi. Kwa ine, m'mapangano onse a INDECO a zoyendera, limeneli ndilo linayandikira anthu amene anali kuchedwa eni ace.

Mu 1991 a Frederick Chiluba ndi cipani ca MMD analowa m'Boma, ndipo mu 1992 anakhazikitsa lamulo logulitsa makampani a Boma. Malire a malonda anatseguka. Magalimoto ogwira kale nchito ku Japan anayamba kulowa kudzera ku Dar es Salaam ndi ku Durban, pa mtengo umene fakitale yolumikiza magalimoto ocepa siikanapikisana nao, ndipo m'zaka zomwezo za m'ma 1990 mzere wa ku Livingstone unaima osayambanso. UBZ nayo inathetsedwa. Fakitale ya njinga ya ku Chipata inapeza wogula: kampani ya Tata ya ku India inaitenga mu 1997. Magalimoto ang'onoang'ono amene anadzayamba kunyamula anthu pakati pa Chipata ndi Lundazi pambuyo pace anali a Toyota, ogulidwa ndi anthu wamba, mmodzimmodzi, ambiri a iwo ndi ndarama za thonje, za cimanga, kapena za penshoni ya ku mgodi.