Zopereka za Akufuna Kwabwino ndi Zipatala za Mishoni m'Zambia

Zipatala zambiri za kumidzi m'dziko la Zambia zinayambidwa ndi mipingo, ndipo kufikira lero nchito yazo imadalira thandizo la boma pamodzi ndi zopereka za anthu akufuna kwabwino.

M'cigawo ca kum'mawa muli cipatala ca Saint Francis ku Katete, comwe cinatsegulidwa m'caka ca 1948 ndi mpingo wa Anglican, ndipo tsopano cimayendetsedwa mogwirizana ndi mpingo wa Katolika. Mulinso cipatala ca Mwami ca mpingo wa Seventh-day Adventist pafupi ndi Chipata, ca Nyanje ca mpingo wa Reformed Church in Zambia, ndi ca Minga ca Akatolika.

Zipatalazi zili pansi pa kabungwe ka Churches Health Association of Zambia, CHAZ, komwe kanakhazikitsidwa m'caka ca 1970. Malinga ndi kabungweka, zipatala za mipingo zimagwira yoposa theka la nchito ya zaumoyo m'madera a kumidzi.

Mwa pangano la pakati pa boma ndi CHAZ, Unduna wa Zaumoyo umalipira malipiro a madotolo ndi anamwino ambiri, umatumiza mankhwala ndiponso umapatsa zipatala ndalama zoyendetsera nchito. Koma ndalamazi sizikwanira pa zonse. Zopereka za mipingo, za abwenzi a kunja ndi za tubungwe tothandiza ndizo zimamanga zipinda zogona odwala, kukumba zitsime, kuika magetsi a dzuwa, kugula ambulansi ndi kukonza makina akawonongeka.

Kufunika kwa zopereka kunakula m'mwezi wa April 2006, pomwe boma la President Levy Mwanawasa linathetsa ndalama zomwe odwala anali kulipira m'zipatala za kumidzi. Osauka anapeza mpumulo, koma zipatala zinataya ndalama zomwe zinali kulowa tsiku ndi tsiku.

Thandizo lina limafika m'midzi mwenimweni. Kabungwe ka World Bicycle Relief kanapereka njinga zikwizikwi kwa anthu odzipereka omwe amayendera odwala matenda a kaliondeonde m'makomo. Pa zipatala zina pamangidwa nyumba zodikiriramo amai apakati ocokera kutali, kuti nthawi yobereka iwapeze ali pafupi ndi azamba. Mu mzinda wa Lusaka, cipatala ca Beit CURE, comwe cinatsegulidwa m'caka ca 2006 ndi thandizo la Beit Trust, cimacita opaleshoni ana olemala popanda makolo kulipira.

Kabungwe ka CHAZ kamalandiranso ndalama za thumba la Global Fund zolimbana ndi kalombo ka HIV, cifuwa cacikulu ca TB ndi malungo, ndi kuzigawira zipatala ndi magulu a m'midzi.

Komabe thandizo lotere limatha msanga ngati opereka ataya cikhulupiriro. M'caka ca 2009 maiko a Sweden ndi Netherlands anaimika thandizo lawo ku Unduna wa Zaumoyo zitamveka kuti ndalama zinabedwa. M'mwezi wa May 2025 dziko la United States linalengeza kuti lidzacotsa madola 50 miliyoni pa caka pa thandizo la mankhwala, ponena kuti mankhwala operekedwa mwaulere anali kugulitsidwa m'masitolo. Zotere zikacitika, amene amavutika koyamba ndi wodwala wa kumudzi yemwe alibe ndalama zokagula mankhwala kwina.

Ndiye cifukwa cake opereka ambiri amafuna kuti cipatala cizilemba bwino m'mabuku ciliconse comwe calandira, ndi kuti mabukuwo aziunikidwa caka ndi caka. Makomiti a zaumoyo a m'midzi, mafumu ndi atsogoleri a mipingo alinso ndi udindo woona kuti mphatso yafika kwa odwala omwe inatumizidwira.

Anthu a m'midzi nawonso amapereka gawo lawo mwa kuumba njerwa, kututa mcenga ndi kutunga madzi pomanga cipatala cacing'ono kapena nyumba ya namwino. Zopereka za kunja zimagula simenti ndi malata, ndipo boma limatumiza anchito.