Lawrence, Tauni Yomwe Inatenga Dzina la Wogula Thonje

Timu ya yunivesite ya Kansas ikamakumana ndi ya Missouri pa mpira wa ku America uja wogwira ndi manja, ochemerera salimbana za zigoli zokha. Wa ku Kansas amakuwa kuti makolo a mnzakeyo ankasunga akapolo. Wa ku Missouri amabweza kuti agogo a winayo anali mbava za akavalo. Mu 2007 ena a ku Missouri anafika posindikiza malaya okhala ndi chithunzi cha tauni ya Lawrence ikuyaka moto, ngati kuti ndi chigoli chimene anamwetsa. Matimuwa anayamba kukumana mu 1891, koma chidanicho ndi chakale kuposa mpira, ndipo dzina la tauniyi lili pakati penipeni pa mkanganowo.

Mu 1854 boma la America linakhazikitsa lamulo loti anthu okakhala m'dera latsopano la Kansas adzavote okha ngati akufuna ukapolo kapena ayi. Kunakhala kulimbirana malo. A ku Missouri, komwe ukapolo unali wololedwa, ankangowoloka malire. Odana ndi ukapolo a ku Massachusetts, kutali kum'mawa, anakhazikitsa bungwe la New England Emigrant Aid Company kuti lizitumiza anthu awo. Gulu loyamba linafika m'mwezi wa Ogasiti chaka chomwecho n'kumanga misasa paphiri lina pafupi ndi mtsinje wa Kansas. Malowo analibe dzina lokhazikika. Ena ankati Wakarusa, potengera mtsinje wina wapafupi, ena ankati New Boston, pomwe a ku Missouri ankati Yankee Town, kutonza alendo ochokera ku Massachusetts aja. Chisanathe chaka, okhalamo anagwirizana pa dzina la msungichuma wa bungwe lija, Amos Adams Lawrence wa ku Boston.

Kunena chilungamo, anasankha dzina la munthu wogwira thumba. Tauni yongoyamba kumene imafuna ndalama, ndipo bamboyu anali nazo. Anathira zake zambiri m'bungwemo, anathandiza kugula mfuti zamtundu wa Sharps zomwe zinatumizidwa ku Kansas, ndipo ndalama zomwe anapereka kuti pamangidwe sukulu yaukachenjede zinadzathandiza kuti yunivesite ikhale pa tauniyi. Inatsegulidwa mu 1866 paphiri lomwe lija, limene analitcha Mount Oread potengera sukulu ya atsikana ya ku Worcester. Msewu waukulu wa m'tauniyi mpaka lero ndi Massachusetts Street.

Chimene ochemerera a ku Kansas sakonda kutchula ndi komwe chumacho chinkachokera. Banja la a Lawrence linalemera ndi mafakitale a nsalu, ndipo thonje lopita m'makina awo linkathyoledwa ndi akapolo m'minda ya kum'mwera. Kwa zaka zambiri Amos anali m'gulu la olemera osafuna kukhumudwitsa eni mindayo. Chinamutembenuza mtima ndi nkhani ya Anthony Burns, kapolo wothawa ku Virginia, yemwe anagwidwa ku Boston mu 1854 n'kuyendetsedwa m'misewu pakati pa asilikali kupita ku sitima yomubwezera kwa mwini wake. Ngakhale atatembenuka choncho, cholinga chake chachikulu chinali choti ukapolo usafalikire m'madera atsopano. Makina a nsalu aja sanaleke kumeza thonje.

Dzinali linaika tauniyi pachandamale. Pa 21 Meyi 1856 gulu lofuna ukapolo linawononga makina osindikizira nyuzipepala ndi kutentha hotela ya Free State. Zoopsa zenizeni zinadza mbandakucha wa pa 21 Ogasiti 1863, pamene William Quantrill analowa ndi zigawenga mazana angapo zapakavalo zochokera ku Missouri, n'kupha amuna ndi anyamata pafupifupi 150. Moto umenewu ndi uja wa pamalaya.

A ku Missouri nawo ali ndi mabala awo. Mu 1861 asilikali a James Lane ochokera ku Kansas anafunkha ndi kutentha tauni ya Osceola. Anthu otere ankatchedwa ma Jayhawker, ndipo mbalame ya Jayhawk, chizindikiro cha timu ya Kansas, inachokera pa dzina limenelo. N'chifukwa chake mu 2011 akuluakulu a ku Osceola anapempha yunivesiteyo kuti isiye chizindikirocho, pempho lomwe silinapite patali. Ndipo patangotha masiku anayi Lawrence itapsa mu 1863, mkulu wa asilikali Thomas Ewing analamula kuti anthu a m'midzi ya m'malire, kumbali ya Missouri, asamuke onse, nyumba zawo zambiri n'kutenthedwa.

Chondiseketsa ine ndi dzina la timu ya Missouri. Ma Tigers oyambirira anali gulu la amuna a m'tauni ya Columbia, kwawo kwa timuyi, omwe anatenga mfuti mu 1864 kuti ateteze kwawo ku zigawenga za mtundu wa Quantrill yemweyo. Mnyamata wovala chithunzi cha Lawrence ikuyaka, kwinaku akuchemerera ma Tigers, wavala mbali ya adani a gulu lomwe linapatsa timu yake dzina.

Mu 2004 mayunivesite awiriwa anayesa kuchotsa mawu oti nkhondo pa dzina la masewerowa, koma ochemerera anapitiriza kunena kuti Border War, kutanthauza nkhondo ya m'malire. Atasiya kukumana mu 2011, anadzakumananso mu 2025 ku Columbia, ndipo Missouri ndiyo inapambana.