Kusamukira ku Kampani Ina ya Lamya Osataya Nambala

M'maiko ambiri, munthu amene sakhutira ndi kampani yake ya lamya za m'manja ali ndi ufulu wosamukira ku kampani ina n'kupitiriza kugwiritsa nchito nambala yake yakale. Dongosolo limeneli limachedwa number portability m'Cingelezi, ndipo linayambira ku Singapore m'caka ca 1997.

Britain, Hong Kong ndi Netherlands anatsatira mu 1999, Australia mu 2001, ndipo United States of America mu November 2003. Muno mu Africa, dziko la South Africa linaliyamba mu November 2006, Kenya ndi Ghana mu 2011, Nigeria mu 2013, ndipo Tanzania mu 2017.

Colinga cake ndi kulimbikitsa mpikisano pakati pa makampani. Mabungwe oyang'anira za lamya anaona kuti anthu ambiri amapirira mitengo yokwera ndi netiweki yobvuta kamba koopa kutaya nambala. Wamalonda wa pa msika wa Soweto mu Lusaka kapena wa Kapata ku Chipata amene analemba nambala yake pa cikwangwani, woyendetsa takisi amene makasitomala ake amamuitana pa lamya, kapena kholo limene nambala yake ili ku sukulu, ku banki ndi kwa acibale a kumudzi, onsewa sangaisiye mwacisawawa. Kampani imene idziwa kuti makasitomala ake sangacoke ilibe cifukwa cacikulu cotsitsira mitengo.

Nambala ndi ya yani?

Manambala a lamya amaonedwa ngati cuma ca dziko. Bungwe la boma ndilo limawagawa kwa makampani m'magulumagulu, ndipo makampaniwo amawapereka kwa makasitomala. Muno mu Zambia nchito imeneyi ili m'manja mwa bungwe la ZICTA, limene linalowa m'malo mwa Communications Authority of Zambia potsatira lamulo la mu 2009.

Ndi kagawidwe kameneka kamene kanapangitsa anthu kuzolowera kuti 097 ndi Airtel, 096 ndi MTN, 095 ndi Zamtel, ndipo 098 ndi Zed Mobile. Maina a makampani akhala akusintha manambala osasintha. Telecel inakhala MTN mu 2005, Celtel inakhala Zain mu 2008 ndipo kenaka Airtel mu 2010, koma makasitomala anapitiriza kuimbirana monga kale. Kwa zaka zambiri, wofuna kucoka ku kampani imodzi kupita ku inzake wakhala akugula SIM khadi ina ndi kuyamba ndi nambala yatsopano.

Anthu ambiri amaganiza kuti nambala imakhala m'kati mwa SIM khadi. Zoona zake n'zakuti netiweki imazindikira khadi ndi nambala ina yaitali yochedwa IMSI, imene mwini lamya saiona n'komwe. Nambala imene anthu amaimbirapo imangolumikizidwa ku khadiyo m'makompyuta a kampani. N'cifukwa cake munthu akataya lamya amapatsidwa khadi yatsopano nambala n'kukhala yomweyo. Kusamuka ndi nambala kumayendera mfundo imodzimodziyo, kungoti khadi yatsopanoyo imacokera ku kampani ina.

M'mene lamya imapezera mwini wake

Bvuto lalikulu la akatswiri ndi ili: ngati manambala oyambirira sasonyezanso kampani, netiweki idziwa bwanji kumene lamya iyenera kupita?

Maiko ambiri anakhazikitsa nkhokwe imodzi ya pa kompyuta yosunga manambala onse amene anasamuka ndi kampani imene alipo tsopano. Makampani onse amatenga kaundula ameneyu, ndipo munthu akatuma lamya, netiweki yake imayamba yayang'anamo, kenaka n'kuitumiza kumene iyenera kupita. Zonsezi zimacitika m'kamphindi, woimba osazindikira. Ku South Africa nkhokweyi imayendetsedwa ndi kampani yochedwa Number Portability Company, imene makampani a lamya anaikhazikitsa pamodzi.

Njira ina, imene Britain inasankha, ndi yakuti lamya iyambe yafika ku kampani imene inapereka nambalayo poyamba, ndipo kampaniyo iipatsire kwa inzake. Njirayi ndi yochipa poiyamba, koma munthu amakhala akudalirabe makina a kampani imene anaisiya. Singapore inayamba ndi njira yongopatsira malamya, koma mu 2008 inasinthira ku nkhokwe imodzi.

Pali cinthu cimodzi cimene makasitomala amataya. Kumene kuimbira munthu wa netiweki ina kumadula kuposa kuimbira wa netiweki yomweyo, woimba sathanso kudziwa mtengo pongoona nambala. Ku South Africa anaikapo kulira kocenjeza kumene woimba amamva lamya isanayankhidwe, kumudziwitsa kuti nambalayo inasamukira ku netiweki ina.

Amatsogolera ndani?

Funso lakuti munthu ayambira kuti pofuna kusamuka limaoneka laling'ono, koma ndi pamene pagona nkhani.

M'maiko ambiri, kuphatikizapo South Africa, Ghana ndi Nigeria, munthu amapita ku kampani yatsopano ndi citupa cake, ndipo kampaniyo ndiyo imayendetsa zonse. Kampani yakale imangofunsidwa ngati pali cifukwa cobvomerezeka cokanira. Ku Nigeria munthu akadzaza fomu amatumiza mau akuti PORT ku nambala ya 3232 kutsimikizira kuti pempholo ndi lake, ndipo salipira kanthu.

Ku Britain munthu amayamba watenga nambala yacinsinsi yochedwa PAC ku kampani yake yakale, n'kukaipereka ku yatsopano. Kwa zaka zambiri izi zinali kufuna kuti aimbire kampani imene afuna kuisiya, ndipo anchito a kampaniyo anali kugwiritsa nchito mpata umenewu kumunyengerera kuti asacoke. Ena anali kutopa n'kusiya. Kuyambira pa 1 July 2019, bungwe la Ofcom linalamula kuti munthu azingotumiza mau akuti PAC ku 65075 n'kulandira nambalayo pa meseji. Nambalayo imagwira nchito kwa masiku 30, ndipo ikaperekedwa ku kampani yatsopano, kusamuka kumatha pa tsiku logwira nchito lotsatira.

Maiko a m'bungwe la European Union nawo anagwirizana mu 2009 kuti nambala iyenera kuyamba kugwira nchito pa netiweki yatsopano pasanathe tsiku limodzi la nchito. Nthawi ndi yofunika cifukwa palibe wamalonda amene angalole lamya yake kukhala yosagwira kwa sabata.

Kenya ndi Ghana

Maiko awiriwa anayamba dongosololi m'caka cimodzi, Kenya pa 1 April ndipo Ghana pa 7 July 2011, koma zotsatira zake zinasiyana kwambiri.

Ku Kenya anthu anali kuyembekezera kuti makasitomala ambiri acoka ku Safaricom, kampani yaikulu koposa, kupita ku Airtel, Orange ndi yu, amene mitengo yao inali yotsika. Sizinatero. Wofuna kusamuka anali kulipira mashilingi pafupifupi 200, ndalama yoposa mtengo wa SIM khadi yatsopano. M'miyezi yoyambirira makampani anali kulozana zala poyera, wina kunena kuti mnzake acedwetsa dala mapempho. Koposa zonse panali M-Pesa, njira yotumizira ndalama pa lamya imene Safaricom inayambitsa mu 2007. Munthu anali kutha kusamuka ndi nambala, koma akaunti ya M-Pesa siinali kumutsatira, ndipo panthawiyo lendi, malipiro ndi ndalama zopita kumudzi zinali kudutsira m'menemo. Anthu ocepa cabe ndiwo anasamuka, ndipo Safaricom inakhalabe patsogolo.

Ku Ghana bungwe la National Communications Authority linaika malamulo okhwima pa za nthawi ndi pa zifukwa zimene kampani ingakanire pempho. Makampani olandira makasitomala ndiwo anali kusenza mtengo wa kusamuka, ndipo mapempho ambiri anali kutha m'mphindi zocepa, munthu akali m'sitolo. Makasitomala anayamba kuyenda pakati pa MTN, Vodafone, Tigo ndi Airtel, ndipo m'zaka zotsatira dziko la Ghana linali kuchulidwa ngati citsanzo ca kumene dongosololi linayenda bwino mu Africa.

Kusiyana kumeneku kuonetsa kuti kukhazikitsa lamulo palokha sikukwanira. Cimene cimasankha ngati anthu asamuka ndi mtengo, liwiro, ndi mphamvu za bungwe loyang'anira pa kampani imene icedwetsa mapempho.

Palinso cizolowezi ca makasitomala a mu Africa, cimene omvera a muno mu Zambia acidziwa bwino. Ku Ulaya anthu ambiri amakhala ndi nambala imodzi ya pangano la mwezi ndi mwezi. Kuno unyinji wa anthu umagula talktime pang'onopang'ono, ndipo lamya zolowa makhadi awiri, monga za Tecno ndi itel, zili ponseponse. Munthu amasunga khadi ina yolandirira malamya ndi ndalama, ina ya mabandulo a intaneti, ndipo mwina yacitatu ya kumudzi kumene netiweki imodzi yokha ndiyo imagwira. Wotereyu anapeza kale njira yake yopikisanitsira makampani, ndipo akapatsidwa ufulu wosamuka ndi nambala sathamangira.

Kumene anthu ali ambiri ndipo mpikisano uli woopsa, ciwerengero cimakwera kwambiri. India inayamba dongosololi m'dziko lonse mu January 2011, ndipo pofika July 2024 mapempho osamuka anali atapitirira 1 biliyoni.

Zimene zimatsala m'mbuyo

Cimene cimasamuka ndi nambala yokha. M'maiko ambiri talktime ndi mabandulo otsala amatayika pamene khadi yakale yaleka kugwira nchito. Manambala a anthu ndi mameseji osungidwa pa khadi yakale sapita okha ku yatsopano. Amene ali pa pangano la mwezi ndi mwezi amafunikabe kulipira nkhongole zao ndi zilango za kuthetsa pangano nthawi isanakwane. Lamya yotsekeredwa ku netiweki imodzi imafunika kutsegulidwa isanalandire khadi ya kampani ina. Zinthu zodalira nambala cabe, monga WhatsApp, zimapitiriza popanda bvuto.

Ndalama za pa lamya ndi nkhani ina. Akaunti yotere ndi ya kampani imene inaitsegula, ndipo kawirikawiri imayang'aniridwa ndi banki yaikulu ya dziko, osati bungwe la za lamya. Mu Zambia, mwacitsanzo, manambala ali pansi pa ZICTA pamene ndalama za pa lamya zili pansi pa Bank of Zambia. M'maiko amene ali ndi dongosololi, makasitomala amalangizidwa kutapa ndalama zonse ndi kubweza nkhongole za pa lamya asanapereke pempho.

Pempho limakanidwanso ngati dzina la wopempha silifanana ndi la amene analembetsa khadi. Ili ndi bvuto lodziwika kulikonse kumene anthu amagwiritsa nchito khadi yolembetsedwa ndi citupa ca mkazi, mwamuna, mwana kapena wogulitsa wa m'mbali mwa mseu. Nzika za Zambia zokhala ku South Africa zimafunika kuonetsa pasipoti kapena citupa ndi umboni wa kumene zikhala, malinga ndi lamulo lochedwa RICA. Nambala siingasamuke kucoka m'dziko lina kupita m'dziko lina: ya +27 imakhalabe ya South Africa, ndipo ya +260 ndi ya Zambia.

Akuba nawo anapezerapo mpata

Popeza mabanki amatumiza manambala acinsinsi pa meseji, wakuba amene walanda nambala ya munthu amakhala walandanso makiyi a akaunti yake. Wakubayo amasonkhanitsa dzina, tsiku lobadwa ndi nambala ya citupa, n'kukapempha kuti nambalayo isamutsidwe ngati kuti ndi yake. Mwini wake amangoona netiweki yazimiririka pa lamya, ndipo ambiri amayesa ndi bvuto la mlongoti wa m'dera lao kufikira atapeza kuti ndalama zatapidwa.

Njira yaikulu yodzitetezera ndi meseji yotsimikizira imene imatumizidwa ku khadi yakale pempho lisanabvomerezedwe. Makampani amacenjeza makasitomala kuti asauze munthu aliyense nambala yacinsinsi yobwera pa meseji, ngakhale woimbayo anene kuti ndi wanchito wa kampani, ndiponso kuti netiweki ikazimiririka mosadziwika bwino afunse ku kampani ndi ku banki tsiku lomwelo.

Mabungwe oyang'anira akhala akuonjezera malamulo. Mu November 2023 bungwe la FCC la ku United States linabvomereza malamulo ofuna kuti kampani itsimikizire kuti wopempha ndi mwini nambala ndi kumudziwitsa nthawi yomweyo pempho likaperekedwa. Ku India, kuyambira pa 1 July 2024, munthu amene wangosintha kumene SIM khadi saloledwa kupempha kusamuka kufikira patapita masiku 7.