Mbusa wake uti? Mbiri ya mawu a ndakatulo za kubusa

Anzanga a m'gulu lino, mukayang'ana ndakatulo zimene timalemba, mupeza kuti sabata siitha popanda wina kulira kumudzi: dambo lobiriwira, ng'ombe zikudya msipu, kamnyamata kali pachulu kakuliza chitoliro. Olemba ake ambiri tili ku Kawale, ku Ndirande, ku Chibavi, ena ku Johannesburg, ndipo ng'ombe timaiona itapachikidwa kale m'butchala. Ndakatulo za mtundu umenewu zili ndi mbiri yaitali, ndipo dzina lake linachokera kwa munthu mmodzi, mbusa. Lero tiyeni tiwasende mawu amenewa ngati mtedza, tione kuti m'kati muli njere zingati.

Tiyambire pakhomo. M'Chichewa tsinde lake ndi limodzi koma nthambi ndi zingapo. Busa ndi malo odyetsera ziweto. Mbusa ndi munthu wopita nazo kumeneko. Ubusa ndi ntchito yake. Poyamba m'mawu amenewa munalibe tayi, munalibe kolala, munalibe chopereka. Munali mame a m'mawa, nkhupakupa, chitedze, ndi mkwapulo. Mbusa anali mwana wamwamuna amene amatsegula khola dzuwa likamatuluka n'kudzatseka likamalowa, ndipo mbuzi ikalowa m'munda wa eni, iye ndiye amayamba kulawa ndodo makolo asanapite kukalipira kwa amfumu.

Ubusa unakula ulemu kumadera kumene kunafika Angoni. Gulu la Zwangendaba linawoloka Zambezi mu 1835, ndipo patapita zaka Angoni anakhazikika ku Mzimba, ku Ntcheu ndi Dedza, komanso ku Chipata kwa Mpezeni. Kwa iwo ng'ombe inali chuma, inali malowolo, inali dzina la munthu. Mayi wina wa ku Britain, Margaret Read, anakhala pakati pa Angoni m'zaka za m'ma 1930, ndipo m'buku lake la mu 1959 lotchedwa Children of Their Fathers anafotokoza kuti kubusa kunali ngati sukulu ya anyamata. Kumeneko amaphunzira kumvera wamkulu, kupirira njala, kulimbana, ndi kudziwa ng'ombe iliyonse ndi maonekedwe ake. Koma musaiwale mbali inayo. Mu 1898 asilikali a Angerezi atagonjetsa Angoni a Mpezeni, anatenga ng'ombe zikwizikwi. Abusa anadzuka m'mawa n'kupeza makola ali pululu. Gwirani mfundo imeneyi, tiipezanso kutsogoloku.

Tsopano tiwoloke nyanja pang'ono, chifukwa dzina la ndakatulo za kubusa limene ena munalimva kusekondale linabadwira kutali. Azungu amati pastoral, kuchokera ku mawu a Chilatini akuti pastor, amene tanthauzo lake ndi mbusa basi, woweta ziweto. Amene amatchulidwa kuti anayambitsa ndakatulo zoterezi ndi Theocritus, Mgiriki wa ku Syracuse pa chilumba cha Sicily, amene ankalemba zaka pafupifupi 270 Yesu asanabadwe. M'ndakatulo zake abusa a mbuzi ndi a ng'ombe amakhala pamthunzi, kupikisana kuimba, kubetcherana kamwana ka mbuzi kapena chikho, ndi kudandaula za atsikana owakana. Koma chimene chimandisangalatsa n'chakuti mkuluyu anakhalako ku Alexandria, mzinda waukulu wa ku Egypt, ndipo omvera ake anali anthu ophunzira a m'tauni. Eti mwaona? Ndakatulo ya kubusa chiyambire imalembedwa ndi munthu amene fungo la khola lamutalikira.

Ndakatulo zimenezi zinapatsidwa mayina angapo, ndipo dzina lililonse lili ndi nkhani yake. Lina ndi bucolic, lochokera ku mawu a Chigiriki otanthauza woweta ng'ombe. Lina ndi idyll, limene poyamba limangotanthauza kandakatulo kakang'ono, ngakhale kosanena za ziweto, koma lero azungu akalitchula amatanthauza moyo wamtendere wopanda vuto. Lachitatu ndi eclogue, ndipo ili likuchokera ku mawu otanthauza chosankhidwa, chinthu chimene wachitola pakati pa zambiri. Linamatirira ku ndakatulo khumi za Virgil, mlakatuli wa ku Roma amene anabadwa zaka 70 Yesu asanabadwe, mpaka anthu anayamba kuganiza kuti tanthauzo lake ndi nyimbo ya abusa. Mawu amayenda chonchi, ngati chitenje: wagula kuti uvale ku ukwati, mawa chabereka mwana, mkuja chasanduka nkhata.

Nanga Virgil analemba zokoma zokhazokha? Ayi ndithu. Ndakatulo yake yoyamba ndi ya abusa awiri. Wina wagona pamthunzi akuliza chitoliro chifukwa malo ake amusiyira. Mnzake akusamuka, akukusa mbuzi zake osadziwa kolowera, chifukwa munda wake wapatsidwa kwa msilikali. Sizinali zopeka chabe. Itatha nkhondo ya ku Philippi, zaka 42 Yesu asanabadwe, akuluakulu a Roma analanda minda ya alimi a ku Italy n'kugawira asilikali opuma. Choncho ndakatulo ya kubusa yotchuka kwambiri padziko lapansi ikuyamba ndi mlandu wa malo. Mthunzi ulipo, chitoliro chilipo, koma pambali pali munthu amene walandidwa. Kodi si makola a kwa Mpezeni aja?

Tibwerere kwathu, chifukwa kuno mawu akuti mbusa anapeza ntchito yachiwiri. Amishoni a Dutch Reformed atafika ku Mvera mu 1889, ndi ena m'madera ena, anafunika mawu a Chinyanja onenera zimene zili m'Baibulo, ndipo Baibulo ladzaza ndi ziweto. Davide anali woweta nkhosa. Salimo 23 limayerekeza Mulungu ndi woweta. Yesu pa Yohane 10 akudziyerekeza ndi woweta wabwino. Omasulira, motsogozedwa ndi William Murray, sanapeke mawu atsopano. Anatenga mawu a kamnyamata ka kudambo kaja n'kuwaika m'Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922. Kuyambira pamenepo mbusa anakwera. Anachoka pachulu n'kukaima paguwa. Lero mukanena kuti abusa akubwera, palibe amene amayembekeza munthu wa mkwapulo. Amayi amasesa pabwalo, tambala amaona zakuda. Panabadwanso mawu ena, monga mayi busa, ndi kuba nkhosa kumene mipingo imanenezana.

Pali kanthu koseketsa pamenepa. M'tchalitchi tonse ndife nkhosa, ndipo pa Mateyu 25 mbuzi ndi imene ikuikidwa kumanzere. Koma kuno kwathu nkhosa ndi zochepa. Mbuzi ndi imene imalipira fizi, imagula feteleza, imathandiza pamaliro. Fanizo linabwera ndi ziweto za dziko la eni, ife tinangolilandira. Taonani tsono ndakatulo zathu: kangati mwawerenga mlakatuli wa ku Dowa akutamanda nkhosa zoyera pamsipu, pamene kwawo anakula akuthamangitsa mbuzi m'munda wa fodya? Pamenepo sakulemba busa la kwawo. Akulemba chithunzi cha pa kalendala ya mpingo.

Ntchito yachitatu ya mawuwa ndi yolemera kuposa zonse. M'Baibulo momwemo, pa Ezekieli 34, mneneri akudzudzula atsogoleri a dziko powatcha abusa odzidyetsa okha, osasamala zofooka ndi zodwala. Ndiye kuti mbusa ndi aliyense amene wapatsidwa anthu kuti awayang'anire, ndipo akhoza kufunsidwa. Amalawi tinaziona ndi maso pa 8 Malichi 1992, pamene m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse munawerengedwa kalata ya maepiskopi yotchedwa Living Our Faith. Pa Chingerezi kalata yotere imatchedwa ndi mawu omwe aja a ndakatulo, pastoral, kutanthauza kalata ya abusa kwa nkhosa zawo. Koma munalibe chitoliro m'menemo. Munali malipiro ochepa a anthu ogwira ntchito, mavuto a m'sukulu ndi m'zipatala, kumanga anthu popanda mlandu, ndi mantha oletsa munthu kulankhula. Boma la Dr. Kamuzu Banda linati kalatayo ndi youkira. Maepiskopi, pamodzi ndi Archbishop James Chiona, anafunsidwa ndi apolisi, Monsignor John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko, ndipo nyumba yosindikizira mabuku ya Montfort ku Balaka inatenthedwa. Patangotha chaka ndi miyezi itatu, pa 14 Juni 1993, Amalawi anavotera zipani zambiri pa riferendamu. Mawu amene ena amagonekera mtima, ena anadzutsira dziko.

Mwina mukufunsa kuti zonsezi zikukhudza bwanji ife a m'tauni. Lilongwe amene tikukhalamoyu anamangidwa pa mabusa. Mu 1966 anali katauni ka anthu pafupifupi 19,000. Pomanga likulu latsopano, limene linasamuka ku Zomba n'kubwera kuno mu 1975, midzi ina inasunthidwa, madambo ndi minda zinapatsidwa manambala: Area 18, Area 23, Area 25, Area 47. Pa kalembera wa 2018 mzindawu unali ndi anthu pafupifupi miliyoni imodzi. Amene sanapeze puloti ya nambala anadzipezera pokhala ku Chinsapo, ku Mtandire, ndi kuno ku Mgona, pafupi ndi mafakitale a Kanengo. Kalembera yemweyo anapeza kuti Amalawi 84 mwa 100 alionse akukhalabe kumudzi. Ndiye kumudzi si maloto akale ayi. Ndi kumene kuli amayi athu lero lino, ndi kumene timatumiza ndalama pafoni mvula ikachedwa.

Ine ntchito yanga ndi ya mtedza, pamsika wa Mgona. Matumba amabwera kuchokera ku Mchinji, ku Dowa, ku Ntchisi, ku Kasungu, ndipo amayi amakhala pansi tsiku lonse kusankha: wabwino uku, wosweka uku, wofumbwa ndi wachuku uko. Anyamata amene amasenza matumbawo, ambiri anayamba ndi ubusa. Mukacheza nawo, za dambo amazikumbuka ndi kumwetulira ndithu: kuumba ng'ombe zadothi, kukumba mbewa, kuwotcha chinangwa, kusambira ng'ombe zikumwa. Koma mukapitiriza kufunsa mumva zinanso. Wina ng'ombezo sizinali za kwawo, analembedwa ganyu ali wamng'ono. Wina anzake akulowa m'kalasi, ngakhale pulayimale inakhala yaulere mu 1994, iye anali kudambo ndi mvula. Wina khola linatha ndi akuba usiku umodzi, wina busa linagulitsidwa n'kumerapo njerwa. Palibe amene anachoka chifukwa chodana ndi mphepo yabwino.

Apa ndi pamene dzina lija la eclogue, chosankhidwa, limandigwira. Mlakatuli naye ndi wosankha mtedza. Sangaike mudzi wonse m'ndakatulo imodzi, ayenera kutola. Palibe cholakwa kutola zokoma, ndipo munthu wotopa ndi lendi, fumbi ndi maminibasi ali ndi ufulu wolira kwawo. Koma pamsika timadziwa kuti amene amaika mtedza wonona pamwamba pa thumba n'kubisa wofumbwa pansi, amagulitsa kamodzi kokha. Ndakatulo ya kumudzi yobisa matope imapusitsa anthu awiri. Imapusitsa mwana wobadwira m'tauni, amene aziyesa kuti agogo ake amangokhala pamthunzi. Imanyozanso amene ali kumudziko, chifukwa thukuta lake lasanduka maluwa a wina. Akuluakulu anati walira mvula walira matope.

Ndiye musanalembe ndakatulo ina ya kubusa, dzifunseni mafunso ochepa. Ng'ombezo ndi za yani? Kamnyamatako kadya chiyani m'mawa, ndipo lero ndi tsiku la sukulu kapena ayi? Dambolo lidakalipo, kapena munaliona komaliza muli Sitandade 5? Ziwetozo zili ndi mayina? Paja mbusa weniweni sanena kuti ng'ombe basi, amadziwa yaukali, yaulesi pagoli, ndi yokonda kuthawira m'dimba la eni. Mukayankha mafunso amenewa ndakatulo yanu siichepa kukoma. Chitoliro chimamveka bwino tikadziwa amene akuliza ndi chimene chamukhazika pachulupo.

Mawu amodzi, anthu anayi: mnyamata wa mkwapulo, woimba wa m'mabuku a Theocritus ndi Virgil, mtumiki wa paguwa, ndi mtsogoleri amene ayenera kuyankha za anthu ake. Atatu omalizawo anabwereka dzina kwa woyambayo, ndipo onse anatchuka kumuposa. Amene muli ku Mzimba, ku Ntcheu, ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumene makola adakali odzaza, inu ndiye muli pafupi naye. Tilembereni za iyeyo monga alili, ndi dzina la dambo lake, nyimbo zimene amapeka yekha, ndi malipiro ake ngati alipo. Ife a m'tauni tilembe za amene anasiya mkwapulo n'kudzasenza matumba ku Kanengo. Tikakumana sabata yamawa.